Expressive Arts ili pa timetable koma ana akungokopera manotsi: makolo tichitepo chiyani?

MakeTadala
Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna nzeru, makamaka kwa aphunzitsi ndi kwa inu amene muli m'makomiti a sukulu. Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 6 pa pulayimale ya boma kwathu kuno. Amakonda kujambula kwambiri, moti katoni ya sopo siikhalitsa m'nyumba, amaing'amba n'kujambulapo ndi khala. Nditaona timetable kumapeto kwa kope lake ndinapeza kuti Expressive Arts ilipo, ndiye ndinamufunsa kuti kusukulu mumajambula chiyani. Akuti sitijambula, timakopera manotsi. Ndatsegula kopelo: muli mayina a magule ndi maboma omwe amavinidwako, mitundu ya zoimbira, mitundu ya masokedwe, zonse zolembedwa bwinobwino. Koma chaka chino sanagwireko singano, sanaumbeko kanthu, ng'oma sanaionepo pasukulu. Masiku ena akuti ikakwana nthawiyo amauzidwa kuti tulutsani makope a masamu.

Kodi ndi mmene zilili m'sukulu zonse za boma? Nanga ife makolo tikafuna kuti phunziroli ana azilichita ndi manja, tilowere khomo liti kuti tisaoneke ngati tikulimbana ndi aphunzitsi? Msonkhano wa PTA uliko kumapeto kwa mwezi uno.

Wamasamu
Mayi, thokozani kuti aphunzitsiwo akumupatsa masamu owonjezera. Kusekondale sasankha mwana chifukwa chovina bwino chimtali.

Aphunzitsi_Std6
Mayi a Tadala, sindiphunzitsa pasukulu panupo koma zomwe mwafotokozazi ndikuzidziwa, chifukwa ndi zomwe zimachitika m'kalasi mwanganso. Ndifotokoze mmene zimakhalira kuti mukapita mukadziwe poyambira.

Kale Music, Creative Arts, Needlecraft ndi PE anali maphunziro osiyana. Itabwera silabasi yatsopano ya pulayimale yotchedwa PCAR cha mu 2007, a Malawi Institute of Education ku Domasi anaziphatikiza zonse m'phunziro limodzi la Expressive Arts. Ndiye kuti mphunzitsi mmodzi akuyenera kudziwa kuimba, kuvina, zisudzo, kujambula, kusoka, kuluka ndi masewera olimbitsa thupi. Ndi angati amene anabadwa ndi zonsezi? Ku koleji ya uphunzitsi (TTC) timazikhudzako, koma nthawi yogwira zinthu ndi manja imachepa.

Chachiwiri ndi chiwerengero. Ine ndili ndi ana opitirira 100 m'chipinda chimodzi, piriyodi ndi mphindi 35. Kuti atuluke, apeze dongo, akhale m'magulu, asambe m'manja n'kubwerera, belu lalira kale. Singano ndikhala nazo zingati? Lumo ndi limodzi, la kunyumba kwanga.

Koma chachikulu ndi mayeso. Pa PSLCE phunziroli lili mu pepala la Arts and Life Skills, ndipo ndi lolemba basi. Palibe mwana amene amaimirira pamaso pa a MANEB kuimba kapena kuonetsa chomwe waumba. Funso limakhala loti gule wakuti amavinidwa ndi mtundu uti, kapena tchulani zipangizo zopangira chakuti. Mwana woloweza manotsi amakhoza. Ndipo sukulu imatamandidwa kapena kunyozedwa malinga ndi ana omwe asankhidwa kupita kusekondale, makamaka ku national. Makolo omwewo ndi amene amabwera kudzakalipa ana akapanda kusankhidwa. Ndiye mphunzitsi amachita zomwe akaweruzidwe nazo.

Sindikuti ndi zabwino. Kuphunzitsa gule ndi choko kuli ngati kuphunzitsa kuphika nsima pa bolodi, mwana akudziwa mayina a mthiko ndi chipande koma sanavundulepo. Mtima umandipweteka ndikamalemba manotsi amenewa.

MakeTadala
Zikomo aphunzitsi, mwanditsegula maso pa nkhani ya mayesoyo. Ndiye kuti kungopita kukadandaula sikuthandiza, pafunika kupita ndi thandizo m'manja.

GogoWaPenshoni
Ana anga, ine ndinayamba uphunzitsi nthawi ya Kamuzu ndipo ndinapuma pantchito silabasi yatsopanoyi itangoyamba kumene. Ndikuuzeni kuti ngakhale kale boma silinkatipatsa penti kapena maburashi. Dongo ana ankatapa kudambo. Mtundu wakuda tinkapera makala, wofiira tinkatenga dothi la katondo, woyera phulusa kapena laimu. Burashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga, kapena nthenga ya nkhuku. Guluu tinkaphika phala la ufa wa chinangwa. Mapepala anali matumba a simenti, kuwakung'untha n'kuwatambasula. Nyimbo tinkalemba pa bolodi mwa d r m f s, ndipo mwana wa Sitandade 7 ankatha kuwerenga nyimbo yoti sanaimvepo. Makwaya ambiri a m'mipingo akuyendetsedwa mpaka lero ndi anthu omwe anaphunzira solofa pa pulayimale.

Chomwe chinasintha zinthu ndi 1994. Pulayimale itakhala yaulere ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ana a amphawi analowa sukulu, koma zipinda ndi aphunzitsi sizinakwane. Tinayamba kuphunzitsira pansi pa mitengo, ndipo choyamba kufa chinali chilichonse chofuna malo ndi nthawi. M'mera mpoyamba, dzanja la mwana likapanda kuzolowera ali wamng'ono limadzavuta.

Mnyamata_wa_Bangwe
Agogo, ulemu wanu, koma handwork ya nthawi imeneyo ena tili nayo ndi mabala. Ife kwathu ankatiuza kuti Lachisanu aliyense abwere ndi tsache, mpini kapena mkeka. Palibe amene anatiphunzitsa kuluka. Amayi ankakagula kumsika, aphunzitsi n'kupereka malikisi, madzulo katundu yense ulendo wa kunyumba kwa aphunzitsi. Wopanda tsache ankakwapulidwa. Zimenezo zisabwerere.

GogoWaPenshoni
Mwanena zoona mwana wanga, analipo ochita zimenezo ndipo kunali kuba. Lamulo labwino ndi loti chinthu chipangidwire pasukulu, mphunzitsi akuona, ndipo mwana apite nacho kwawo akaonetse makolo.

Mlongo_wa_Rumphi
Komanso ankatigawa: atsikana kukasoka, anyamata kukasema. Ine ndinkafuna kusema, anandikaniza kuti si za akazi. Mchimwene wanga ankafuna singano, anzake ankamuseka, koma lero ndi telala ndipo akudyetsa banja ndi makina. Ngati tikubwezeretsa, mwana aliyense agwire zonse.

Wamasamu
Ine ndibwererebe pa mfundo yanga, ndipo sindikunyoza luso. Pitani mukalowe Sitandade 4 pa sukulu ya kumudzi, mupatse ana ndime ya Chichewa kuti awerenge. Mupeza ena sakutha kulumikiza maphatikizo. Ana akukhala pansi, buku limodzi ana angapo, zimbudzi zosakwanira, atsikana akusiyira panjira. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60 koma m'makalasi a m'munsi zimenezo ndi maloto. M'nyumba yotereyi mukufuna komiti ya sukulu ikhale pansi kukambirana za ng'oma? Mwana wa mlimi njira yake yotulukira mu umphawi ndi English ndi masamu. Ana a anthu olemera ku sukulu zolipira akhoza kuimba piyano, ali ndi pogwera. Wathuyu akalephera Sitandade 8 ndiye kuti basi.

Madam_a_Std1
Bambo Wamasamu, bwerani m'kalasi mwanga tsiku lina. Ana oyamba kumene sukulu sadziwa kugwira pensulo. Ndimayamba nawo ndi kujambula pamchenga ndi chala: mizere, zozungulira, timikombero. Amene wajambula dzira bwino ndi amene mawa alembe o ndi a. Timaumba malembo ndi dongo, mwana amagwira b ndi d m'manja n'kuona kuti mimba zayang'ana kosiyana, pomwe pa bolodi amangozisokoneza. Maphatikizo timawaimba ndi kuwomba m'manja. Kuwerenga manambala timachita ndi nyimbo yodumpha. Mukandilanda nyimbo ndi dongo ndiye kuti mwandilanda njira yophunzitsira kuwerenga komwe mukudandaulako.

Chinanso chomwe ndaona ndi maso anga: kuli ana ena amene m'kalasi salankhula, amakhala kumbuyo, chaka chilichonse kubwereza. Tsiku lomwe tatulutsa zisekese ndi amene amatsogolera, ndipo mawa lake amabwera kusukulu m'mamawa. Mwana amene chilichonse pasukulu chimamuuza kuti ndiwe mbuli sachedwa kusiya.

Wamasamu
Za Sitandade 1 ndavomera madam. Nkhawa yanga ili kumtunda, 7 ndi 8.

Sign_Writer_Ndirande
Akulu Wamasamu, ine ndi mwana wa mlimi amene mukunenayo. Sindinasankhidwe. Ndinkakwapulidwa chifukwa chojambula kumbuyo kwa makope. Lero zikwangwani za maokala, masaluni, malo ogulitsira nyama, malembo a pa minibasi, ndi ntchito yanga, ndipo ana anga akuphunzira ndi ndalama ya burashi. Chomwe chimandiwawa ndi chakuti zonse ndinaphunzira mochedwa, poyang'anira amisiri ena ndi kuwatsukira mabulashi. Akanandionetsa kusukulu kusakaniza mitundu ndi kuyeza malembo ndikanayamba kale. Ndipo masamu ndinawamvetsa pa khoma: khoma la mamita atatu, malembo khumi ndi awiri, mipata pakati, chilembo chilichonse chitenge malo otani? Ukalakwitsa, chilembo chomaliza chimagwera pakona ndipo mwini shopu sakulipira.

Yang'anani mumsika uliwonse: matelala, akalipentala, okhoma zidebe, oluka mipando ya nsungwi, owotcherera mageti okongola aja, ojambula pa kompyuta. Ana ambiri a Sitandade 8 sapeza malo kusekondale ya boma. Amenewa sukulu iwatulutse ndi chiyani m'manja?

Mnyamata_wa_Bangwe
Apa mwalasa achimwene.

Mayi_a_Mvano
Ine kujambula ndi kusoka ndilibe nazo vuto. Koma mukati magule, ndifunse poyera: mukufuna ana athu azivina gule wamkulu kusukulu? Ife ena tinakana zimenezo ndipo sitingalole. Kwathu kuno nthawi ya dambwe anyamata amasowa m'kalasi, ena osabwereranso. Ndiye sukulu iwonjezere moto?

Wosema_ku_Dedza
Mayi, funso lanu ndi labwino ndipo likufunika kuyankhidwa bwino chifukwa lidzafunsidwanso ku PTA. Gule wamkulu savinidwa ndi ana a sukulu m'kalasi, ndipo eni ake a mzinda sangalole n'komwe. Ali ndi malo ake ndi malamulo ake. Mwana akhoza kuphunzira za iye, kuti ndi chiyani ndipo amatanthauzanji kwa Achewa, monga amaphunzirira za chipembedzo chomwe si chake. Dziko lonse linamuzindikira kudzera ku UNESCO mu 2005, pamodzi ndi vimbuza, ndipo tchopa wa Alhomwe anatsatira mu 2014. Kungakhale kulakwa kuti mwana wa ku Malawi asadziwe zimenezi.

Magule oti ana avine alipo ambiri: chitelera, chimtali, mganda, malipenga, beni, chiwoda, ingoma. Ndipo kunena za mpingo, ku Mua kuno Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe, inayambitsidwa mu 1976 ndi wansembe wa Katolika, bambo Claude Boucher. Amisiri ambiri osema a dera lino anaphunzira kumeneko, ndipo zosema zawo zili m'matchalitchi: mitanda, zitseko, zithunzi za m'Baibulo zokhala ndi nkhope za Achimalawi. Luso ndi chikhulupiriro sizinadane kumeneko.

Chimene chimandimvetsa chisoni ine ndi Chongoni. Zojambula za pamiyala zija, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zinalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse (World Heritage) mu 2006. Alendo amachokera kutali kudzaziona. Koma ndakumanapo ndi ana ophunzira m'munsi mwa mapiri omwewo amene sanakwereko kukaona, amangoziloweza kuti zili ku Dedza.

Mayi_a_Mvano
Ngati ndi choncho ndamva. Koma nyimbo za magulewo aphunzitsi aziyamba azimva. Zina za chitelera ndi chimtali mawu ake si oti atuluke m'kamwa mwa mwana wa Sitandade 4. Ndipo kwaya isaiwalike, nayonso ndi luso.

Mlongo_wa_Rumphi
Pamenepo tagwirizana mayi. Ana amatha kupeka mawu awo pa chuni chakale. Kwathu malipenga a ana a sukulu ankaimba za ukhondo ndi za kubzala mitengo, ndipo kupeka komweko ndi phunziro la chiyankhulo.

Madam_CDSS
Ndalowa mochedwa koma ndiikepo za kusekondale, chifukwa zomwe zafa ku pulayimale ife timazilandira zili mtembo. Ndimaphunzitsa English pa CDSS ndipo ndimayang'anira drama club. Ana amabwera Fomu 1 sangathe kuima kutsogolo kunena dzina lawo mokweza. Akalowa sewero limodzi lokha, kuloweza mizere, kukangana za mmene munthu wokwiya amayendera, kulankhula kuti wakumbuyo amve, English yawo imasintha kuposa momwe galamala ya teremu yonse ingachitire. A ATEM, bungwe la aphunzitsi a English, anazindikira zimenezi kalekale, n'chifukwa chake aphunzitsi a English ndi amene anayambitsa mpikisano wa zisudzo m'sukulu. Du Chisiza Jnr anatulukira kumeneko ali mwana wa sukulu ku HHI, asanayambitse gulu lake la zisudzo la Wakhumbata. Masiku ano kulinso NASFEST, mpikisano wa zaluso wa ana a sukulu. Koma kuti CDSS ya kumudzi ifike ku mpikisano ndi nkhondo: galimoto, chakudya, zovala, zonse ndi thumba la mphunzitsi ndi zopempha.

Creative Arts ilipo pa MSCE koma ndi sukulu zochepa zomwe zimaphunzitsa, chifukwa aphunzitsi ake ndi osowa ndipo ndi phunziro losankha. Ku Zomba, ku University of Malawi, kuli maphunziro a zojambula, nyimbo ndi zisudzo. Ndimadzifunsa kuti mwana wa pa CDSS yathu angalote bwanji zopita kumeneko ngati sanaonepo kuti zimenezi munthu amaphunzira mpaka digiri.

Mnyamata_wa_Bangwe
Madam mwandikumbutsa French Cultural Centre ku Blantyre Lamlungu masana, holo yodzaza anthu mpaka ena kuima. Tinkasunga ndalama ya sabata yonse kuti tikaonere sewero. Ana a lero akudziwa za pa foni zokha.

Sign_Writer_Ndirande
Za pa fonizo musazinyoze achimwene, anyamata akupanga ndalama ndi timasewero ta pa TikTok ndi Facebook. Kungoti ambiri alibe maziko, nkhani imatha mphindi imodzi.

MakeTadala
Abale, nkhani ya zisudzo ndi yokoma koma tibwerere ku PTA yanga. Ndikanene chiyani, kwa ndani?

Wa_ku_Joni
Chemwali, ine ndili ku Johannesburg. Kuno mwana wanga ali Grade 8 ndipo Creative Arts ndi phunziro la aliyense mpaka Grade 9, amapatsidwa malikisi pa zomwe wapanga. Sindikuti zonse zili bwino, sukulu za m'makomboni nazonso zimasowa zipangizo. Koma ndikufuna kuthandiza sukulu yomwe ndinaphunzira kumudzi. Ndimaganiza zotumiza makatoni a makrayoni ndi mapepala pa basi. Zingathandize?

Aphunzitsi_Std6
Achimwene a ku Joni, mtima wanu ndi wabwino. Koma makrayoni pa ana 100 amatha mwezi usanathe, kenaka tabwerera pomwe tinali. Ngati mungathe, gulani zokhalitsa: malumo, singano zambiri, matepi oyezera, timipeni tosemera, ndi bokosi lachitsulo lokhala ndi loko losungiramo. Kapena lipirani mmisiri wa m'mudzimo apange ng'oma ziwiri. Ndipo musatumize kwa munthu mmodzi. Zifikire kwa ahedi pamaso pa komiti, zilembedwe m'buku la katundu wa sukulu.

WakomitiYaSukulu
Mayi a Tadala, ine ndakhala mu School Management Committee kwathu ndipo tinayesapo zimenezi, ndiye ndikuuzeni zomwe zinatiyendera ndi zomwe muyenera kupewa.

Musakayambire pa msonkhano. Mukaimirira pagulu n'kunena kuti ana sakuphunzira Expressive Arts, aphunzitsi amva ngati mwawaneneza, ahedi adziteteza, ndipo makolo ena ngati bambo Wamasamu akuwombani mfundo ya mayeso, nkhani ithera pomwepo. Pitani kaye ku ofesi ya ahedi, inu ndi makolo ena awiri kapena atatu, mmodzi akhale wa Mother Group. Mukanene kuti tabwera kudzathandiza phunziro lomwe lili kale pa timetable. Mawu amenewa ndi ofunika: simukupempha chinthu chatsopano, boma linaika kale. Mukapemphe kuti nkhaniyi ilowe pa ajenda, ndipo ahedi aitchule okha.

Kenaka lembani anthu a m'dera lanu omwe ali ndi luso. Mudzadabwa. Ife tinapeza agogo ena oumba mbiya, bambo woluka malichero ndi madengu, telala wa pamsika, mkulu wa kwaya wodziwa solofa, ndi gulu la mganda la m'mudzi. Silabasi imalola mphunzitsi kuitana munthu wodziwa kuti adzathandize. Tinadzera kwa amfumu, iwo ndi amene anawapempha, ndipo palibe anakana. Agogo oumba aja atabwera anakhala pansi pa mtengo wa mango, ana atazungulira, n'kuyamba kukanda dongo akuchotsa timiyala. Anawaonetsa kupota dongo ngati chingwe n'kumalisanjikiza mozungulira, kusalaza ndi chitsononkho, kukolopa mkati ndi chigoba. Mnyamata wina wovuta kwambiri pasukulupo ndi amene anatsala mpaka kumapeto kufunsa chifukwa chake mphika umasweka pouwotcha. Anamuyankha kuti ukauwotcha usanaume bwino, kapena ukasiya mpweya m'dongo. Aphunzitsi a sayansi anatola pomwepo.

Pa vuto la mphindi 35, ahedi athu anasuntha mapiriyodi awiri kuti agundane, akhale omaliza tsikulo. Kalasi inkagawidwa m'magulu, ena kuumba, ena kuluka, ena kuimba, sabata yotsatira kusinthana.

Za ndalama: sukulu iliyonse imalemba School Improvement Plan, ndipo ndalama yotukulira sukulu yochokera ku boma (SIG) imagwiritsidwa ntchito motsatira pulaniyo. Ndi yochepa, imabwera mochedwa, ndipo choko, zitseko ndi zimbudzi zimaidikira. Musayembekezere zambiri. Koma limbikirani kuti mzere umodzi wa zipangizo za Expressive Arts ulowe mu pulani, chifukwa chomwe sichinalembedwe sichigulidwa. PEA, mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu, mumudziwitse kudzera kwa ahedi. Akagwirizana nazo amatha kukonza kuti aphunzitsi a zoni yonse akumane ku TDC, malo ophunzitsirana aphunzitsi a zoni, wodziwa nyimbo aphunzitse anzake, wodziwa kusoka chimodzimodzi.

Ziwiri zoti musalole. Musaike chopereka chokakamiza pa mwana aliyense, chifukwa mapeto ake ana osauka adzabwezedwa kunyumba chifukwa cha luso. Ndipo mlendo aliyense, kaya ndi wodziwika bwanji, asatsale yekha ndi ana. Mphunzitsi akhalepo nthawi zonse, ndipo zonse zichitikire pabwalo la sukulu.

Mayi_a_Mvano
Mfundo yomalizayo ndiyo ndimaidikira. Zikomo a komiti.

Wamasamu
A komiti mwalankhula zomveka. Ine pempho langa ndi limodzi: yambirani Sitandade 3 mpaka 6. A Sitandade 8 asiyeni akonzekere mayeso. Mukawakhudza amenewo makolo adzakuukirani, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo.

Madam_CDSS
Kuyambira m'munsi ndi nzeru, koma a Sitandade 8 ndi amene atopa kwambiri. Amalowa m'mamawa, kutuluka madzulo, Loweruka ndi holide yomwe ali m'kalasi. Ola limodzi loimba pa sabata silingawalepheretse mayeso. Ndipo funso la zoimbira amalikhoza bwino amene anazigwirapo.

Wamasamu
Tiyeni tione kaye zotsatira za m'munsimo madam, tidzakambirane.

Mlongo_wa_Rumphi
Koma abale, zonsezi ndi kudalira mtima wabwino wa ahedi. Akasamutsidwa, zatha. Muzu wake aphunzitsi anautchula kale: mayeso. Bwanji MANEB isaike gawo la malikisi pa zomwe mwana wapanga ndi manja? Tsiku lomwe zidzawerengedwe pa PSLCE, palibe mphunzitsi adzasandutse piriyodiyo masamu. Izi ndi zoti tiziwauza aphungu athu ndi a unduna akamabwera m'misonkhano.

Aphunzitsi_Std6
Chemwali, maganizo amenewa ndimawafuna koma ndimawaopanso. Malikisi akakhala m'manja mwa mphunzitsi pa mayeso osankhira ana kusekondale, mudzaona zomwe ananena achimwene a ku Bangwe zija zikubwerera: kholo kukagula mkeka kumsika, kholo lina kubwera ndi nkhuku kwa aphunzitsi. Ndipo sukulu ya m'tauni yokhala ndi zipangizo idzapondereza ya kumudzi. Zingatheke pokhapokha oyesa atachokera sukulu ina ndipo mwana apange chinthucho iwo akuona. Ndi ana onse olemba Sitandade 8 m'dziko muno, imeneyo ndi ndalama yambiri. Chomwe chili chapafupi, ine ndikuona, ndi chakuti pa mayeso a teremu a pasukulu theka la malikisi a Expressive Arts lichokere pa ntchito ya manja. Chimenecho ahedi ndi aphunzitsi angagwirizane okha, osadikira unduna ku Lilongwe kapena MANEB ku Zomba.

GogoWaPenshoni
Ndipo potsekera teremu muziyala zomwe ana apanga pabwalo makolo aone, magule ndi kwaya zichitike asanaitane maina a okhoza. Kholo likaona mwana wake amene amakhala nambala yakumapeto akutsogolera nyimbo, chaka chamawa ndi lomwe lidzabweretse nsungwi.

MakeTadala
Ndabwera ndi lipoti. Tinapita kwa ahedi ndi amayi awiri, mmodzi wa Mother Group monga munanenera a komiti. Anatilandira bwino. Anati vuto lawo ndi lomwe lija la chiwerengero ndi zipangizo, ndipo anaitana madam ena a Sitandade 5 amene amaimbitsa kwaya kutchalitchi kwawo, omwe anasangalala kwambiri. Agwirizana kuti nkhaniyi ilowa pa ajenda ya PTA ndipo tiyambe ndi Sitandade 5 ndi 6 teremu ikubwerayi. Atipempha kuti ife makolo tibweretse maina a amisiri. Telala tamupeza kale, ndipo wati zidutswa za nsalu zomwe amataya azitisungira. Chomwe chatsala ndi zoimbira. Sukulu ilibe ng'oma ngakhale imodzi ndipo za m'tauni muno mtengo wake ndi wokwera.

Wosema_ku_Dedza
Musagule za pamsewu zogulitsa alendo zija mayi, zambiri ndi zokongoletsa m'nyumba, chikopa chake sichipirira manja a ana. Funsani gulu la gule la m'dera lanu kuti ng'oma zawo anawasemera ndani. Chikopa cha ng'ombe chimalimba kuposa cha mbuzi, ndipo kwa opha nyama chimapezeka motchipa. Mmisiriyo mumupemphe adzakungire ng'omayo pasukulu pomwepo, ana aone akunyika chikopa, kuchikoka ndi kukhoma zikhomo, limenelo likhala phunziro loyamba. Awaonetsenso kuiwamba pamoto ikafooka ndi kumata phula pakati kuti mawu atsike.

Podikira ng'oma, zina ana apange okha. Zisekese ndi mapesi a udzu wa sekera omangidwa mbali ziwiri, mkati n'kuikamo njere zouma. Mangolongondo ndi zidutswa za mtengo wopepuka zoyala pa mathunthu a nthochi awiri, kuzidula mosiyana kutalika mpaka mawu agwirizane. Mabadza a mganda ndi zipanda zoboola, pakabowo n'kumatapo kapepala ka pulasitiki kopyapyala m'malo mwa nembanemba ya kangaude yomwe akale ankagwiritsa ntchito.

Madam_a_Std1
Pa zisekese onjezani kuti njere zikhale zouma kwenikweni, zikakhala zaziwisi zimachita nkhungu mkati ndipo siziliranso. Komanso musunge mu ofesi pamwamba, makoswe amazikonda.

WakomitiYaSukulu
Mayi a Tadala, ku PTA kuja mukaonetsetse kuti mlembi walemba mu maminitsi zomwe mwagwirizana, makalasi ake, tsiku lake ndi dzina la mphunzitsi woyang'anira. Mukapemphenso kuti udzu wa zisekese ndi zipanda zisonkhanitsidwe nyengo ino isanapse tchire, chifukwa mvula ikagwa simuzipezanso mpaka chaka chamawa.